Kwa Nsabwe chilengedwe amachiwerengera pamafuwa

Munthu woyenda pamsewu wochoka paboma la Thyolo kudzera ku Makwasa mpaka ku Thekerani amaona maiko awiri paulendo umodzi. Koyambirira kuli minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, yodulidwa mofanana ngati tsitsi lometedwa bwino, ndipo m'mbali mwake muli nkhalango za bulugamu zodzalidwa m'mizere. Akalowa m'dera la Mfumu Yaikulu Nsabwe, dziko limayamba kupendekeka. Mapiri ndi zigwa zimatsetserekera kumtsinje wa Ruo, womwe ndi malire a dziko lino ndi Mozambique, ndipo paliponse pamene khasu lingafike padalimidwa. Chimanga, nandolo, chinangwa ndi mbatata zimapanikizana m'kamunda kamodzi. Mitengo yachilengedwe yatsala apo ndi apo, makamaka kumanda kumene nkhwangwa imaopa kufikako.

M'tauni mawu akuti kusamala chilengedwe amamveka kwambiri pamisonkhano ya m'mahotela ndiponso patsiku lokhazikitsa nyengo yodzala mitengo. Kwa Nsabwe nkhaniyi ili pakhomo tsiku ndi tsiku: nkhuni zophikira nsima yamadzulo zichokera kuti, nthaka ya m'munda ikhalapobe mvula ikatha, kasupe afika mwezi wa Okutobala asanaphwe. Zizolowezi zoteteza chilengedwe zimene zimakhazikika m'mabanja a kumeneko ndi zokhazo zimene zimapulumutsa ndalama, nthawi kapena chakudya. Zina zonse zimatha tsiku limene galimoto ya bungwe lozibweretsa yasiya kubwera.

Gwero la mavutowa ndi kuchepa kwa malo. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'boma la Thyolo muli anthu oposa 720 000, ndipo pa sikweya kilomita iliyonse pamakhala anthu oposa 400, pomwe m'dziko lonse chiwerengerocho chidali 186. Gawo lalikulu la malo achonde lidatengedwa m'nthawi ya atsamunda pamene minda ya tiyi inkatsegulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anthu ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pamalowo. Zidzukulu zawo zikulima zigawo zing'onozing'ono m'malo otsetsereka. Banja lotere silingapatule malo a nkhalango yakeyake.

Maesiteti adaliona kale vuto la nkhuni. Fakitale ya tiyi imadya nkhuni zochuluka poumitsa masamba, n'chifukwa chake esiteti iliyonse imadzala bulugamu wake, kumudula mosinthanasinthana ndi kumuikira alonda. Mudzi woyandikana nawo ulibe dongosolo lotero, kotero mikangano ya alonda ndi amayi otola nkhuni si yachilendo m'bomali. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo idagwetsedwa pafupifupi yonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kachigawo kamene kadapulumuka kali kumbali ya esiteti ya Satemwa. M'kachigawo kameneko ndimo mwatsalira mbalame yosowa imene akatswiri adaitcha dzina la bomali, Thyolo alethe. Amene adadula mitengoyo sankadana ndi mbalame. Ankafuna munda ndi moto.

Moto wa pamafuwa atatu ndi wowononga nkhuni. Malawi amatulukira mbali zonse, mphepo imawakankha, ndipo kutentha kumene kumafika pansi pa poto ndi gawo laling'ono chabe. Apa ndi pamene mbaula yadothi yotchedwa Chitetezo idapezera malo. Mbaulayi, imene idayamba kufalikira kuchokera m'boma loyandikana nalo la Mulanje, imaumbidwa ndi dongo n'kuotchedwa mu uvuni, ili ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni, ndipo khoma lake limasunga kutentha n'kukulozetsa kupoto. Ikagwiritsidwa ntchito bwino imachepetsa nkhuni ndi pafupifupi limodzi mwa magawo atatu. Chachikulu kwa banja la kwa Nsabwe n'chakuti siifuna zikuni zikuluzikulu: timitengo, zitsononkho ndi mapesi a nandolo zimapsetsa nsima. Boma la Joyce Banda lidalengeza m'chaka cha 2013 cholinga chakuti mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020, ndipo magulu ambiri a amayi oumba mbaula adapezerapo ndalama.

Komabe mbaulayi ili ndi zofooka zimene oifalitsa sakonda kuzitchula. Ikagwa kapena kuthiridwa madzi ili yotentha imang'aluka. Mphika waukulu wa pamaliro kapena wa thobwa sukhalapo. Ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta mapiri a Thyolo kwa masiku angapo, banja limafuna moto woti liothe, osati wophikira wokha, kotero mafuwa amabwereranso pakati pa khitchini. Palibe cholakwika pamenepo. Banja lophikira pambaula miyezi khumi n'kuotha moto wa pamafuwa miyezi iwiri lapulumutsabe mitolo yambiri ya nkhuni.

Nkhani ya utsi nayo imafuna kuinena mosamala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka. Koma kafukufuku wamkulu amene adachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, yemwe zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2016, adapeza kuti mbaula zamakono zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto sizidachepetse chibayo pakati pa ana aang'ono, ngakhale kuti ana opsa ndi moto adachepa. Mwana amapuma utsi wochokera kwina kochuluka: zinyalala zootchedwa pabwalo, koloboyi, moto wa anansi. Mbaula yokha si mankhwala. Khitchini yokhala ndi zenera kapena mpata pansi pa denga, kuphikira panja nyengo ikalola ndiponso kusabereka mwana kumbuyo pokoleza moto n'zofunika chimodzimodzi.

Pali zizolowezi zina zosalira ngakhale tambala. Nyemba kapena nandolo wouma woviikidwa m'madzi usiku wonse amapsa msanga kwambiri kuposa woikidwa pamoto ali gwa. Poto wovundikira amawira mofulumira. Nkhuni zouma bwino, zosungidwa pansanja pamwamba pa moto kapena pakhonde, zimayaka ndi utsi wochepa, pomwe zaziwisi zimataya mphamvu yambiri pongoumitsa madzi amene ali m'kati mwake. Mayi wodziwa ntchito yake amayamba wadula ndiwo, watunga madzi ndi kusefa ufa asanakoleze moto, ndipo akamaliza amafumula zikuni n'kuzizimitsa m'dothi kuti zidzagwire ntchito mawa. Kalongonda, chakudya chonyaditsa Alhomwe, amafuna kuwira maola ambiri ndi kusinthidwa madzi kuti ululu wake uchoke, kotero kuphika mphika umodzi waukulu wogawana mabanja angapo n'kwanzeru kuposa aliyense kukoleza moto wake.

Njira ina imene sidafalikire monga momwe imayenera ndi ya dengu losunga kutentha. Dengu limayalidwa masamba ouma a nthochi kapena nsanza zochapa bwino, pakati n'kusiyapo malo okwana poto. Mpunga kapena nyemba zoviika zikawira kwa kanthawi pamoto, potoyo amamuika m'dengumo ali chivundikirire, n'kumufunditsa pamwamba. Chakudyacho chimapitiriza kupsa chokha popanda nkhuni, ndipo wobwera kuchokera kothyola tiyi madzulo amachipeza chikadali chotentha.

Pa mbewu zonse za m'derali, nandolo ndiye amagwira ntchito zambiri. Ndi ndiwo, ndi ndalama, mizu yake imaonjezera chonde m'nthaka, masamba ake akayoyoka amaphimba munda, ndipo mitengo yake ikauma ndi nkhuni za miyezi ingapo. N'chifukwa chake zochitika kumsika wakutali zimafika mpaka pamafuwa. Dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa kuno, litachepetsa wolowa m'dzikolo m'chaka cha 2017, mitengo idagwa kwambiri ndipo alimi adagwa mphwayi. Mgwirizano wa m'chaka cha 2021, wolola Malawi kugulitsa kumeneko matani 50 000 pachaka, udabwezeretsako chiyembekezo. Mlimi akachepetsa nandolo chifukwa cha mtengo, mkazi wake amaonjezera maulendo a kunkhuni, ndipo mtengo wa mango wa pakhomo umayamba kuyang'anidwa ndi diso lina.

Kuchoka pamoto, nkhondo yachiwiri ili m'munda, ndipo mbiri yake siingafotokozedwe popanda nthochi. Kwa zaka zambiri dera la Thekerani linkadyetsa misika ya ku Limbe ndi ku Blantyre, malole akutuluka atadzaza mikoko. Kenako kudabwera matenda a chisaka, amene adaoneka koyamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990 ndipo amafalitsidwa ndi tizilombo totchedwa nsabwe za zomera (dzinali langofanana chabe ndi la derali) komanso ndi ana a nthochi ochokera kumunda wodwala. Nthochi yogwidwa imapinimbira, masamba ake amathinana kunsonga, ndipo siibereka. Mankhwala ake palibe koma kuzula phata lonse. Lero nthochi zambiri zogulitsidwa m'mizinda zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo wogula m'tauni amaudziwa mtengo wake.

Chimene chidatayika si ndalama zokha. Mapata a nthochi ankagwira nthaka m'zigwa ndi m'malire a minda, masamba ake ankatchinga madontho a mvula, ndipo makungwa ndi masamba ogwa ankawolerana pansi n'kusunga chinyezi. Atazulidwa, malo otsetsereka adatsala pambalambanda. Banja lofuna kubwezeretsa nthochi liyenera kupirira pa zinthu ziwiri zovuta: kuzula zakale zonse, ngakhale zooneka zamoyo, ndi kukana mbewu yopatsidwa ndi mnansi n'kufunafuna yopanda matenda kudzera kwa alangizi kapena kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe. Munthu mmodzi akakana kuzula, mudzi wonse umadwalanso.

Kafukufuku amene boma lidachita mothandizidwa ndi nthambi za bungwe la United Nations adapeza kuti m'chaka cha 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a nthaka pahekitala iliyonse pachaka. Amenewo ndi matumba 580 olemera makilogalamu 50 lililonse, ndipo nthaka yopitayo ndi yapamwamba, yomwe ili ndi chonde komanso feteleza amene banja lagula movutikira. Njira zoitetezera n'zodziwika kwa mlangizi aliyense. Akalozera, oyezedwa ndi chida chamitengo itatu chooneka ngati chilembo cha A, amathandiza kuti mizere idutse mopingasa phiri mosapendekeka. Udzu wa vetiva wodzalidwa pa akalozerawo umazika mizu mozama n'kusefa dothi madzi akamadutsa, ndipo ukakula amafolerera nyumba. Ngonyeka zimagwira madzi pakati pa mizere kuti alowe pansi. Mapesi okwiriridwa m'nthaka posachedwa pokolola amasanduka chakudya cha mbewu za chaka chamawa, pomwe ootchedwa posoosa amangosiya phulusa louluka ndi mphepo.

Vuto n'lakuti madzi sadziwa malire a munda. Wolima kumunsi angachite zonsezi, koma ngati mnzake wakumtunda walima mizere yotsetsereka, madzi amabwera ndi mphamvu n'kugumula zonse usiku umodzi. Tinjira ta anthu ndi madenga a malata opanda ngalande nazo zimayambitsa zigwembe zimene zimadya minda ya anthu osalakwa. Apa ndi pamene mafumu amafunika kuposa mabungwe, popeza nyakwawa ndiyo ingaitane mbumba zonse za phiri limodzi kuti zigwirizane kumene madzi adzadutse. Mutu umodzi susenza denga.

Dothi lokokoloka m'mapiriwa limathera mu Ruo, ndipo Ruo amathira mu Shire ku Chiromo. Mchenga ukadzaza mumtsinje, madzi amafuna njira ina. M'chigumula cha mu Januwale 2015, Ruo adasiya khwawa lake n'kudutsa m'midzi ya ku Makhanga m'boma la Nsanje. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula imene idagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu oposa 600 adatsimikizika kuti adafa pomwe mazana ena sadapezeke. Kungakhale kunama kunena kuti mzere wa vetiva ukadaletsa mvula yoteroyo. Chimene vetiva ndi akalozera zimaletsa ndi kuba kwa mwakachetechete kwa mvula wamba ya chaka ndi chaka, kumene kumachititsa munda wobereka matumba khumi kuyamba kubereka anayi mwini wake osadziwa chifukwa.

Kukwera mtengo kwa feteleza, makamaka ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kwachita zimene maphunziro a zaka zambiri adalephera: kwabwezeretsa ulemu wa manyowa. Phulusa la pamoto, zitosi za nkhuku, ndowe za mbuzi, makoko a chinangwa ndi zosesa za pabwalo tsopano ndi chuma. Manyowa otchedwa Mbeya, amene afala m'maboma ambiri, amapangidwa posakaniza ndowe zouma zopera, gaga, phulusa ndi feteleza wogula wochepa, kuwaza madzi pang'ono, ndi kutsekera m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati kwa masiku 21. Motero feteleza wochepa amafikira munda wokulirapo. Gaga yekha ndiye amavuta, pakuti m'miyezi ya njala amakhala chakudya cha anthu ndipo nkhumba ndi nkhuku nazo zimamuyembekezera. Madzi otuluka kubafa, amene m'makomo ambiri amangopanga chithaphwi cha udzudzu, akalozetsedwa paphata la nthochi, pamtengo wa papaya kapena pakadimba ka mpiru amabweza ndiwo m'chilimwe.

Dzala la masiku ano lili ndi mlendo amene makolo sankamudziwa: jumbo. Pepala la pulasitiki siliwola, limatsekereza madzi ndi mizu m'nthaka, ndipo mbuzi ikalimeza chifukwa cha fungo la mchere kapena mafuta imaonda mpaka kufa. Imfa za mbuzi zotere ndi zina mwa zimene zidautsa mtima wa Gloria Majiga-Kamoto, yemwe adalandira mphoto ya Goldman m'chaka cha 2021 kaamba komenyera nkhondo chiletso cha mapulasitiki opyapyala. Boma lidaletsa mapulasitiki ochepera mamaikuloni 60 m'chaka cha 2015, makampani adathamangira kukhoti, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagamula mokomera chiletsocho mu Julaye 2019, ngakhale kuti ziletso zina za makhoti zidapitiriza kuchedwetsa ntchitoyi kwa zaka zingapo. Pamene maloya ankakangana, jumbo ankalowabe m'midzi ndi tomato, mafuta oyezera ndi kanyenya.

Pakhomo, chofunika ndi maenje awiri: lina la zowola zopita kumunda, lina la zosawola. Zizolowezi ziwiri zofala ziyenera kutha chifukwa zimavulaza thupi mwachindunji, kukolezera moto ndi jumbo ndiponso kuvundikira mbatata kapena chimanga chachiwisi ndi pulasitiki pophika. Mabatire otha a matochi, amene ana amakonda kuwaswa n'kumasewera ndi zam'kati mwake, asalowe m'dzenje la manyowa, ndipo nyali yoyendera dzuwa, ngakhale imadula pogula, imathetsa kugula mabatire sabata ndi sabata. Dengu la kumsika ndi tsamba la nthochi lokulungira mkate sizidafune lamulo la boma kuti zikhalepo.

Wokhala ku Ndirande, Bangwe, Area 25 kapena Chibavi asaganize kuti izi ndi za kumudzi kokha. Ndondomeko ya boma yokhudza makala ya zaka za 2017 mpaka 2027 imati mabanja oposa 97 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amathera m'mizinda. Thumba limodzi la makala limadya nkhuni zolemera kuwirikiza kangapo kulemera kwake, chifukwa uvuni wadothi umataya gawo lalikulu la mtengo ngati utsi. Lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, koma njinga zonyamula makala sizidasiye kulowa m'tauni mbandakucha, ndipo namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale mabanja okhala ndi magetsi adabwerera kumbaula. Kuviika nyemba, kuvundikira poto, kugula mbaula yomatidwa dongo m'kati m'malo mwa yachitsulo chokhachokha, kuzimitsa makala otsala ndi kulekanitsa zinyalala zowola ndi zosawola zisanapite kumtaya wa ku Mzedi n'zotheka m'nyumba ya lendi monga momwe zilili zotheka m'mudzi wa kwa Nsabwe. Kusiyana kwake n'kwakuti wa m'tauni saona chitsa cha mtengo umene waphikira.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo chaka chilichonse, ndipo mbande zimagawidwa zambirimbiri. Chiweruzo chake chimabwera mu Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, mbuzi zitamasulidwa ndipo chiswe chili pantchito. Mitengo ya m'nkhalango za mudzi, imene mwini wake ndi aliyense, ndiyo imayamba kufa. Yopulumuka kawirikawiri ndi ya pakhomo ndi m'malire a munda: peyala amene ana amamuthirira madzi otsukira mbale podziwa kuti adzadya zipatso zake, gilisidiya amene amadulidwa nthambi chaka chilichonse n'kuphukanso, phata la nsungwi lodzalidwa m'chigwembe limene limapereka nkhuni, mitengo ya denga ndi zolukira madengu. Bulugamu amakula msanga ndipo amagulika, koma amamwa madzi ambiri, kotero malo ake ndi kumtunda kouma, kutali ndi kasupe ndi dimba. Mphepete mwa kasupe mumayenera mkuyu, katope ndi mbawa, mitengo imene wodzala amadziwa kuti mthunzi wake wokwanira adzaukhalira ndi adzukulu.